“Anyway” wa Limbani

Esitele anachoka pakhomo pa mwamuna wake, pa boda ya Mchinji, Lolemba pa 2 Juni 2025, atabereka mwana wawo Rozi kumbuyo. Loweruka pa 14, ankhoswe anakumana kwawo kwa mkaziyo ku Mkanda.

Mwamunayo, Limbani, ankagwira ntchito yodutsitsa katundu wa madalaivala a mathiraki pa boda. Tsiku lonse ankalankhula Chingerezi, ndipo timawu tina tinamukanirira pakamwa.

“Fotokoza, mwanawe,” anatero a Enoki, malume ake a Esitele.

“Sanandimenyepo, malume. Ndiwo amagula. Koma ndatopa. Ndikayamba kulankhula, amandidula ndi ‘actually’. Ndikamaliza, amati ‘anyway’ n’kutenga foni. Mu Epulo ndinapita padera. Atafika kuchipatala ndinawauza ndili pabedi. Anangoti, ‘Eish, anyway,’ n’kundifunsa komwe ndinasiya makiyi a nyumba.”

“Actually, bambo, you know, basically nkhaniyi...” anayamba Limbani.

“Chizungucho mukanachisiya pa boda, mkamwini. Kuno kulibe thiraki,” anamudula a Enoki.

Nkhoswe ya Limbani, mkulu wake Tiyamike, inapukusa mutu. “Ngakhale pamaliro a bambo athu anatero ameneyu. Tinkaganiza kuti akakwatira asiya.”

A Enoki anafotokoza mwambo wa pakhomopo. Wolakwa amagwada, amatchula cholakwa chake, kenako amakhala chete mpaka wolakwiridwa atayankha. Ngakhale dzuwa lipendeke, amadikira.

Limbani anagwada pafumbi, thalauza lake losita likuda.

“Mayi a Rozi, munataya mwana, ine sindinalire nanu. Ndinalakwa. Mundikhululukire.”

Anazinena m’Chichewa chokhachokha. Tiyamike anapumira m’mwamba.

Esitele sanayankhe msanga. Anayang’ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje. Misozi inatsika. Nkhuku inadutsa pakati pawo. Limbani anasuntha bondo, nayang’ana a Enoki, nayang’ananso kumsewu. Esitele anapukuta m’maso n’kutsegula pakamwa.

“Anyway,” anatero Limbani, “tizipita, mayi a Rozi. Akabaza akudikira.”

Esitele anatseka pakamwa. Anadzuka, nanyamula Rozi, nalowa m’nyumba. Chitseko sanachimenyetse.

“Iwe,” anatero Tiyamike motopa, “chakuluma n’chiyani?”

“Ndinaona ngati tamaliza, achimwene.”

Anyamata a kabaza anali atabwera atatu. Njinga yachitatu, yomwe inayenera kunyamula Esitele, inabwerera yopanda munthu. Ankhoswe anabalalika osapangana tsiku lina, ndipo pofika kumapeto kwa Juni, Esitele anali asanayankhe kupepesa kuja.