Mzere Woyera Pamkono wa Ralitsa

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi Tsvetana, amene amagulitsa khofi pazenera la pa depoti ya mabasi mumzinda wa Plovdiv, ndipo akuti inachitikira Zhivko, mwana wa mlongo wawo.

Sikuti ankamukayikira, ayi — Zhivko anadziuzanso choncho masana a tsiku lokachingamira chibwenzi chake, ataima pafupi ndi zenera la azakhali akewo, akusisita martenitsa wake, kaulusi kofiira ndi koyera kaja timamangirana pamkono Malichi akayamba — sikuti ankamukayikira Ralitsa, koma chibwenzi chako chikapita kutali, ku Mauritius, kuchilumba kotentha, ati kukaphunzira mmene amayendetsera mahotela ndi malonda a shuga, iwe n'kutsala muno m'chisanu chifukwa mayeso a Chingerezi anakugwetsa, malo ako n'kutenga Asen wa m'kalasi mwanu momwemo, Asen wa mano oyera, amene amaseka nthabwala isanathe, mutu umayamba kuyenda wokha.

Tsiku lonyamuka anamangirana ulusiwo pomwepa. Ulusi suvulidwa mpaka utaona dokowe woyamba kapena mtengo wochita maluwa, ndiye umaumanga panthambi. Ndipo ndi Ralitsa amene ananena, osati iyeyo — izi ankazikumbukira bwino, kapena ankaganiza kuti akuzikumbukira — kuti adzavulira limodzi, adzamange pa mtengo wa mapichesi wa kuseri kwa yunivesite. Mtengowo akuti unachita maluwa kalekale. Zhivko anasiya kudzera njira imeneyo.

"Iwe, adokowe adzaza pamadenga," anatero azakhali, akumukankhira kapu. "Watsala wekha m'tauni muno ndi ulusi wakuda ndi litsirowo."

"Sindinaone dokowe ine, azakhali."

"Uona bwanji, ukuyenda chowerama ngati wataya singano?"

Zhivko anamwa khofiyo osamva kukoma. M'zithunzi zimene Ralitsa ankatumiza munali nyanja, minda ya nzimbe, anthu a m'kalasi atavala zopyapyala, ndi Asen, nthawi zonse Asen, pena kumbuyo pena pambali, ndipo nthawi zonse foni ankagwira ndi Ralitsa, ndi dzanja lomwelo la ulusi, moti mkonowo sunkaoneka; iye ankakulitsa zithunzizo ndi zala mpaka nkhope kusanduka madontho, kenako n'kudzinyansa — mwamuna wanji wofufuza mkono wa chibwenzi chake ngati wapolisi, akanawerenga Chingerezi ndi khama lomweli bwenzi ali komweko — komabe n'kukulitsanso.

Basi yochokera ku bwalo la ndege ku Sofia inalowa ikumwaza madzi a m'matope. A m'kalasi aja anatsika onse mwaphokoso, khungu litapsa ndi dzuwa, akunjenjemera ndi mphepo imene anaiiwala. Ralitsa anamuthamangira, anamukumbatira, ndipo tsitsi lake linkanunkhira mafuta achilendo, a kokonati, fungo limene iye sanalisankhe, sanaligule, sanalipo pamene linkagulidwa. Polandira chikwama, maso a Zhivko anapita okha pamkono wa Ralitsa.

Mkono unali wopanda kanthu.

"Ulusi uja?"

"Aa Zhivko, kumene kuja mtengo uliwonse uli ndi maluwa. Titangotsika ndege, tonse tinamanga pa mtengo woyamba. Ukanaona mmene eni dziko amatiyang'anira."

Zhivko anaseka, pakuti zinali zomveka — chilumba chopanda chisanu, maluwa chaka chonse, mwambo wathu ukakhala bwanji kumeneko, chitsiru ndi iye amene anayenda chowerama mwezi wathunthu kuthawa adokowe — ngakhale lonjezo lija, lonjezo limene ananena ndi Ralitsa mwini, akuoneka kuti analisiya pa mtengo womwewo. Koma tonse, anati tonse, ndipo tonse si munthu mmodzi.

Mtsikana wina wa m'gulumo anakwinya malaya kuti akoke katundu wake pansi pa basi, ndipo mikono yake inali yopsa yonse, mtundu umodzi kuchokera pachigongono mpaka kuzala. Aphunzitsi awo chimodzimodzi. Ralitsa anakweza dzanja kukonza tsitsi, ndipo pamkono wake, pamalo penipeni pamene Zhivko anamanga mfundo, panali kamzere koyera, kopyapyala, kozungulira, pamene dzuwa silinafike — ndipo dzuwa silijambula chotere tsiku limodzi, ayi, ulusiwo unakhalapo, unasambira naye, unagona naye mpaka chakumapeto, ndiye kuti anausunga, anausungira iyeyo — nanga n'chifukwa chiyani akuti tsiku loyamba, munthu amanamiranji pa chinthu chomukometsa, pokhapokha ngati tsiku limene anauvula ndi limene sakufuna kulitchula?

"Mkulu, ukadali nawo?" Anali Asen, akuseka kale. "Ukufuna dokowe adzakuvule yekha ndi mlomo?"

"Musiye," anatero Ralitsa, osayang'ana aliyense wa iwo.

Asen anatambasula dzanja kuti apatsane moni, mkono wa jekete n'kubwerera m'mbuyo. Zhivko anaona khungu lopsalo, timaubweya tofiirira, ndi kamzere koyera, kopyapyala, kozungulira. Dzanjalo linakhala m'malere likudikira, ndipo ulusi wakuda uja unayamba kumuthina Zhivko ngati waviikidwa m'madzi.

Mayi Tsvetana anathera pamenepo, chifukwa pazenera panafika ofuna khofi. Ine ndayenda, ndamva zambiri, ndipo iyi ndimaikayikira. Zenera lawo lili patali ndi poima mabasi a ku Sofia, maso awonso ndi ofooka. Za mzere wa Asen anamva kwa Zhivko yemweyo. Sindikudziwa ngati unalipodi, kapena anaujambula ndi maso ake.