Lamulo la Lolemba M'mawa

Pulogalamuyi ndinailemba ndine ndisanachoke kupita kunja, ndipo tinaitcha Wilibala poti ntchito yake ndi kututa. Ukalemba lamulo pa sikirini yakuda, imakakutengera pulogalamu imene ukufuna pamodzi ndi tizidutswa tonse timene imadalira, n'kuika chilichonse pamalo pake. Nditabwerako patatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndinapeza nyumba yathu itagwetsedwa, laibulale imene inandilera ikugulitsa matayala, koma Wilibala ili moyo. Ankaisamalira alamu anga, akazi a mng'ono wanga, m'kaofesi ka pamwamba pa shopu ya utoto.

Ndinapempha kiyi, ndiye kuti chilolezo chosintha pulogalamuyo. Anati ndiyambe ndaonetsa ntchito ngati mlendo aliyense. Sabata yathunthu ndinasesa mizere yakufa ya m'pulogalamuyo, ndipo m'kope langa loyeserera ndinafufuta lamulo lakale lakuti tenga-zonse, limene ndinalemba ndisanadziwe kanthu. Latsopano linalipo kale, lachangu kuposa.

"Ili lokha ayi, alamu," anatero osacheuka. "Lili ndi mwini wake."

"Mwini wake ndine."

"Inu munali uko mukuzizidwa. Taonani apa."

Anandionetsa mndandanda wa makompyuta amene amapempha zinthu ku seva, kompyuta yaikulu yosunga mapulogalamu. Imodzi yokha inkagwiritsabe ntchito lamulolo, Lolemba lililonse, 8 koloko m'mawa, osaphonya.

"Mukandiuza kuti ameneyu ndani, ndi chimene chimuonekere mukalifufuta, kiyi ndikupatsani." Anandilembera msewu basi.

Lolemba ndinayenda khomo ndi khomo ngati wogulitsa mankhwala a makoswe. Pakati pa ometa tsitsi ndi osoka nsapato ndinapeza kashopu ka magalasi a maso. Mkati munali mkulu wina wovala epuloni, makina osemera magalasi akulira, madzi akudonthera m'beseni. Pakona panali kompyuta imene inayamba yoyera koma tsopano inali ngati dzino la wosuta fodya.

"Za kompyuta sindidziwa, bambo," anatero nditawafunsa. "Ndimangotsata kapepalaka. Ndikalemba mawuwa, makinawa amalandira miyezo ya magalasi atsopano. Ndikapanda kutero amakana kusema, anthu n'kubwerera osaona."

"Lilipo lamulo latsopano."

"Anayesa mayi wina wa ku ofesi. Akuti kompyutayi yakalamba, siilimva."

Kapepalako kanali komatidwa ndi selotepi pamwamba pa selotepi inzake. Ndinawerama. Zilembo zake zinali zopendekera kumanzere, za munthu wothamangira kwina. Zinali zanga. Shopuyo sindinaikumbuke n'komwe, inali imodzi mwa zambiri zimene ndinaikamo Wilibala chaka chomaliza chija. Pansi pake ndinalemba kuti "Zikavuta mundiimbire", ndi nambala ya foni ya kunyumba kwathu.

"Munayamba mwaimbapo?"

"Kawiri. Koyamba anayankha mayi wachikulire, akuti mwana wawoyo anapita kunja, tsiku lobwera sanatchule. Tinacheza ndithu, anandifunsa za maso awo. Kachiwiri foni sinalire." Anandiyang'ana. "Mumamudziwa mnyamatayo?"

"Pang'ono."

"Anali wanzeru, koma wopupuluma. Nanga magalasi anuwa anakupangirani ndani? Akhota."

Ndinawavula n'kuwapatsa. Pamene ankawongola, ndinabwereka cholembera, ndinakhwatcha nambala yakufayo n'kulemba yanga.

Ku ofesi ndinabwezera lamulolo pamalo pake. Ndinalembanso kamayeso koti kazikuwa wina akadzalikhudza, ndipo pamwamba pake ndinaika mawu: "Osafufuta. Magalasi, Lolemba m'mawa."

Alamu anawerenga ali chiimire, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Munkawadziwa mkulu uja," ndinatero.

"Ndimapitako chaka chilichonse kukapukuta fumbi la m'kompyuta ija. Ndimafuna muyendeko wapansi."

Anakoka mpando, anatsegula mndandanda wa osamalira Wilibala, nalemba dzina langa pansi pa onse.

"Chaka chino fumbi ndi lanu," anatero.