Tsiku Limene Faines Anayamika a Susana Pagulu

Lolemba limenelo dzuwa lisanasuzumire paphiri, Faines anali atatunga kale madzi kawiri, kusesa, kuchapa matewera, kumwetsa mwana wake Hope phala ndi kumangirira mbuzi kuseri kwa chigafa. Kenako anaponya mwanayo kumsana n'kuthamangira ku shedi ya kopaletivi ku Nachisaka, kumene amayi khumi ndi awiri ankasankha mtedza, kuchotsa wowola ndi wachuku. Iye ndiye anali kapitawo wawo, ngakhale anali wamng'ono pa onse, sukulu analekezera Fomu 2. Lole inkabwera Lachisanu kudzatenga matumba makumi anayi, ndipo a manijala anali atanena mosabisa kuti akapanda kukwana, ukapitawo upita kwa wina.

Sabata yapitayo anamutumiza ku Mponela ku maphunziro a atsogoleri. Wophunzitsa anali a Reinford, katswiri wa maganizo a anthu. Iwo anati munthu amalimbikira akaona kuti ntchito yake yaoneka. "Muyamikeni pagulu, mumutchule dzina," anatero. Faines analemba m'kope.

Ndiye Lolembalo nthawi yopuma itakwana, Faines anaimirira.

"Amayi, tamverani. A Susana okha adzaza matumba awiri. Tiwaombere m'manja!"

M'manja munaombedwa, koma mozizira. A Susana, mayi wamasiye wosakonda zoyankhulayankhula, anazolika ngati awagwira akuba.

"Eee, kani tili ndi makina pano?" anatero a Anjelina, omwe pakamwa pawo sipapuma. "Ife tikuthyokeranji msana? Asankhe okha wonsewu."

"Mutigawireko mankhwala akewo, anzathu," wina anaponyapo. Shedi yonse kuseka.

Lachiwiri pamalo pa a Susana panalibe munthu. Enawo ankasankha ngati akuwerenga njere. Faines sanakhazikike. Akhale, adzuke, asuzumire kunjira, mwana kumuyamwitsa chiimirire. Masana analephera kupirira, anakwera chitunda mpaka kwa a Susana. Anawapeza akutong'ola chimanga pakhonde.

"Odi, amayi. Mwadwala kodi?"

"Ndili bwino, make Hope. Koma ndinakulakwira chiyani, mwanawe?"

"Inetu ndimati ndikuthokozeni."

"Kundiimika pakati pa anthu ngati mbuzi ya pamsika? Dzulo kumjigo palibe ananditwika ndowa. Nanga mawu oti mankhwala aja, ukudziwa komwe amathera? Mwana wa munthu akadzadwala, chala chidzaloza nyumba ino."

Zimenezi Faines ankazidziwa chibadwire, koma kope lija linamuiwalitsa.

"Ndichite chiyani kuti mubwere mawa?"

"Usanditchulenso."

Potsika anaimbira foni a Reinford.

"Aphunzitsi, nzeru zanu zija zandithawitsira munthu."

Iwo anamvetsera mpaka kumapeto. "Pamenepo ndinaphonya ndine, mayi. Tikanayamba ndi kufunsa mwiniwake kuti kuthokozedwa amakufuna motani. Nanga winayo, wonyozayo, chikumupweteka n'chiyani?"

Faines anaima panjira. A Anjelina anayamba kusankha mtedza iye adakali ku pulayimale, ndipo dzina lawo silinatchulidwepo n'kamodzi komwe.

Lachitatu analawirira kuposa onse. Anayala mikeka itatu, anayi anayi pa mkeka, thumba limodzi pakati kuti pasadziwike wadzaza ndani. A Susana anabwera, nakhala osayang'ana munthu. Faines anaitanira a Anjelina kuseri kwa sikelo.

"Amayi, ine chuku china chimandidutsa. Inu mumachimva ndi fungo lokha. Muziona thumba lililonse lisanasokedwe."

"Lero mwandiona, a kapitawo?" anatero a Anjelina. Koma anamanga chitenje n'kupita kukanunkhiza thumba loyamba, akukalipira aliyense.

Lachisanu thumba lomaliza analisoka dalaivala akuliza hutala. Anakwana makumi anayi, ndipo ukapitawo unatsala m'manja mwa Faines.

Zinamudyera izi: masiku atatu oweruka dzuwa litapendeka, nyemba zake zina zinathetheka m'munda osazula, ndipo apongozi ake anadandaula kwa mwamuna wake kuti mkazi wasanduka wa pashedi. Chachikulu chimene anataya chinali changu cha manja a Susana. Kuyambira pamenepo ankasankha akuyang'ana lichero la mnzawo, mnzawoyo akapuma nawonso n'kupuma. Thumba limodzi patsiku, ngati wina aliyense.