Chitupa cha Useni

Gordon, wosema miyala ya pamanda ku Chegutu, anandiuza kuti pa mwala wa agogo anga aamuna pafunika dzina ndi chaka chobadwa. Dzina tinali nalo, koma chaka palibe ankachidziwa. Bambo anga anangoyankha m'Chishona kuti agogo anachokera ku Nyasaland wapansi, ngati kuti Nyasaland ndi mudzi wa nyumba zitatu. Ine sindikonda kusiya ntchito panjira, choncho ndinakwera kombi ya ku Kadoma kukafufuza m'mabuku a migodi, popeza agogo ankagwira ntchito mumgodi.

Ku Eiffel Flats, pafupi ndi Kadoma, ndinapeza munthu wosunga mabuku a mgodi wina umene unatsekedwa kale. Dzinalo ndinalipeza msanga: Useni Thanthwe, nambala 412, anafera pansi mu 1949 mwala utamugwera. Koma agogo anga a Useni Thanthwe anamwalira mu 1991, ine nditawagwira dzanja.

Wosunga mabukuyo anandilozera kwa a Lazaro, nkhalamba ya m'komponi yakale, amene ankawadziwa agogo.

"Agogo akowo anafika opanda chitupa," anatero a Lazaro, osadabwa n'komwe. "Kapitawo ankagulitsa zitupa za akufa, mari pang'ono basi. Ukagula, umapita nacho ku mgodi wina, monga ku Chakari, n'kumavomera dzina la mwini wake mpaka kufa."

"Nanga dzina lawo lenileni, agogo?"

"Sanatiuze. Ankangodandaula kuti akaitanidwa kuti Useni, wina amayankha kumbuyo kwawo iwo asanatsegule pakamwa."

Ndinawafotokozera za mwala wa pamanda uja. A Lazaro anayang'ana mulu wa dothi la mgodi kuseri kwa nyumba.

"Useni weniweni ali uko, Roselyn. Opanda mwala, opanda mtanda. Zaka zonsezi akufunafuna pamene pali dzina lake. Ukalilemba pa mwalawo, mwanangu, abwera kudzagona pomwepo. Ndiye agogo ako apita kuti?"

Ndinachita mantha, komanso ndinawamvera chisoni agogo anga, munthu amene ankandigulira mabanzi ine osadziwa kuti ndi ndani. Ndinatuluka panja n'kuimbira Gordon kuti asaseme chilichonse.

"Sisi, dzina tinamaliza dzulo," anatero. "Bambo anu atopa kudikira chaka, abwera kudzatenga mwalawo m'mawa uno. Panopa ali kumanda, akuthira simenti."