Nkhanu Imene Sinafe

Ndaphunzitsa sayansi zaka khumi ndi zinayi, ndipo mutu wa chigoba cha nkhanu ndimauloweza ngati pemphero. Komabe Lolemba lija, nditapeza nkhanu ya m'kalasi mwathu ili gada m'thanki yake yagalasi, mutu unaima. Miyendo isanu ndi itatu, zopanira ziwiri, timaso, zonse zilipo, koma osagwedezeka.

Pambali pa thanki panali botolo la mankhwala okolopera. Sindinafunenso umboni wina. Ndinaitana amayi osesa, ana onse akuonerera.

"Mayi, mwathira chiyani m'madzimu?"

"Palibe, aphunzitsi. Koma imeneyotu sinafe, yangofundula. Tainunkhizani, chakufa chimanunkha."

"Ndiye mwayamba kuphunzitsa sayansi ndi tsache?"

Ana anafa nacho chiseko, ine n'kumadzimva. Ndinakanena kwa ahedi, ndipo pofika masana amayi aja anali atauzidwa kuti ayambe apuma kunyumba, nkhani yawo ikaonedwa kumapeto kwa mwezi. Anatsamiritsa tsache kukhoma bwinobwino n'kumapita.

Lachitatu ndinati nditaye madzi aja. Nditanyamula mwala wa pakona, ndinaona timaso tiwiri tikundiyang'ana. Inali nkhanu yathu, yokulirapo, yotuwa, yofewa ngati buledi wonyowa. Ndinatenga "mtembo" uja, umene ndinasunga m'kabati kuti ukhale umboni. Tsopano utauma, unali wopepuka ngati pepala, m'kati mopanda kanthu, kumbuyo kuli mng'alu pamene mwini wake anatulukira. Chithunzi cha nkhanu yofundula chinali pakhoma, chojambula ine ndemwe. Manyazi anandigwira.

Kwa ahedi sikunavute, anangopukusa mutu n'kundiuza kuti amayi aja ndikawatenge ndekha. Ndinawapeza akuchapa pakhonde. Ndinayankhula zambirimbiri, za kutanganidwa, za botolo lija, mpaka mawu akuti pepani anatuluka pomalizira, ali owonda.

"Yatuluka?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ili pansi pa mwala."

"Musaigwiregwire. Ikafundula imabisala mpaka chigoba chilimbe, apo ayi zinzake zimaidya." Anafinya chovala, n'kundiyang'ana. "Ndibwera mawa. Koma munandinyozera pamaso pa ana, aphunzitsi. Pepani wanuyu mwamubweretsa kuseri."

M'mawa mwake ndinaima kutsogolo kwa kalasi, chigoba chili m'manja, amayi aja ali pakhomo ndi tsache lawo. Ana makumi anayi anali kudikira. Ndinasuzumira m'thanki, nkhanu ili phee pansi pa mwala wake, ndipo ndinaisirira.