Sipanala Safuna Agalu Anzake

Sipanala anali galu wokonda anthu mochititsa manyazi. Wowerenga mita ya madzi akabwera, ankanyambitidwa mpaka m'zigongono. Tsiku lina wakuba analowa m'galaja kudzatenga batire, ndipo a makaniko, eni ake a galuyo, anamupeza atakhala pansi, Sipanala atamutsamira pamiyendo, mchira uli pukupuku. Koma galu wina akangodutsa kuseri kwa geti, thupi lonse linkauma gwa, ndipo ngakhale dzina lake sankalimvanso.

Dokotala wa ziweto anawauza kalekale, tsiku lomwe anasoka khutu la galu wa aneba lomwe Sipanala analing'amba. "Madala, uyu ndi pitibu. Ambiri a mtundu wake amatero akakula. Simunamulere molakwika, ndipo kumumenya sikungathandize. Musamukumanitse ndi galu wina, basi."

Kuyambira pamenepo a makaniko anaphunzira kayendedwe kena. Ankakulunga chingwe padzanja, maso ali kutali kutsogolo. Akaona galu ankawoloka msewu, n'kuima kutsogolo kwa Sipanala kumutchinga maso mpaka winayo atadutsa. Chimwalirireni akazi awo, ameneyu ndiye ankamva madandaulo awo onse, za mawondo, za mitengo ya zinthu, za anzawo omwe anasiya kubwera galaja itatsekedwa.

Kenako a makaniko anagwa m'bafa, ndipo mwana wawo wamkazi anabwera atatsimikiza kale mtima.

"Ababa, nokha muno simukhalanso. Chipinda kwathu chilipo. Koma galuyu ayi, mukudziwa kuti ana ali ndi kagalu kawo. Akasowa womutenga, adokotala amubaye jakisoni agone."

Mawu akuti agonewo anawakhala pamtima ngati mwala.

Ofuna galu anabwera ndithu. Woyamba anali mwini golosale, wofuna mlonda wosalandira malipiro. "Amaluma?" anafunsa. A makaniko anati anthu ayi, ndipo munthuyo anachoka akupukuta malovu pathalauza. Kenako anabwera amuna awiri pagalimoto ya magalasi akuda. Anamuyang'ana mano ndi chifuwa, kumaso osamuyang'ana n'komwe, n'kufunsa ngati akagwira amasiya. A makaniko anadziwa kuti awa ndi omenyanitsa agalu, ndipo anawatsegulira geti asanamalize kulankhula.

Ovuta kuwakana anali banja lina la anthu abwino mtima. Mayiyo anagwada n'kumukumbatira Sipanala m'khosi. "Kwathu tili ndi galu wofatsa kwambiri, azolowerana. Galu amangofuna chikondi, agogo." A makaniko anatsala pang'ono kuvomera, chifukwa tsiku losamuka linali litayandikira ndipo anali atatopa. Koma khutu lija analiona ndi maso awo likulendewera.

"Chikondi ali nacho chosefukira, mayi. Mukampatsa china, galu wanuyo afabe."

Anapita atakhumudwa, akuganiza kuti nkhalambayi ikungokakamira galu wake. Mwina sanalakwe kwenikweni. Madzulo amenewo a makaniko anadya ataima m'khichini, pakati pa makatoni, Sipanala atagona pa mapazi awo, ndipo anachita mantha kuti kukana kwawoko ndiko kumuphetse.

Amene anatsala anatumizidwa ndi dokotala uja: mayi telala wachikulire, wokhala yekha m'nyumba ya mpanda wautali, wopanda galu, wopanda mphaka. Sanafunse za mano. Anayang'ana chingwe chomwe chinali pa msomali n'kunena kuti, "Nanga ndikaona galu akubwera kutsogolo, ndizitani bambo?"

A makaniko anayamba ayang'ana kumbali. Kenako anatenga chingwecho n'kutuluka nawo mumsewu. Anawaonetsa kakulungidwe kake padzanja, powolokera, poimira, ndi mawu oyenera kunena motsitsa. Anabwereza mpaka mayiwo atachita okha, iwo akutsatira m'mbuyo ndi ndodo yawo.

Tsiku lomutenga, Sipanala anakwera galimoto ya mayi telala mosakakamizidwa, akuwanyambita khutu. Sanacheuke. Ndi mmene analili, munthu aliyense anali wake. A makaniko anadziwa kuti zimenezi ndi zabwino, komabe zinawapweteka kwambiri.

Kwa mwana wawo anawalandira bwino. Chipinda chinali choyera, zidzukulu zaulemu, koma m'mawa onse ankabalalika kusukulu ndi kuntchito, m'nyumba n'kutsala zii. Kagalu koyera kaja kankawauwa kali kunsi kwa mpando. Tsiku lina anatenga ndodo kuti akawongole miyendo. Atafika pakona anaona mtsikana akubwera ndi galu wamkulu wofiira. Anawoloka msewu msangamsanga, mawondo akuwawa, n'kuima chotembenuka, dzanja lamanzere litafumbata zolimba.

"Khala chete, mwanawe, adutse," ananena motsitsa.

Mtsikanayo anawayang'ana modabwa. Iwo anaimabe pomwepo, akutchinga malo opanda kanthu, mpaka galuyo atakhota.