Mzere wa Choko m'Shopu ya Amayi

Kalipentala anabweranso ndi matabwa ake, ndipo anabwereranso nawo osakhoma ngakhale msomali umodzi.

Chipinda chimene anamuitanira chinali shopu ya malemu amayi ena, amene anaisiyira ana awo awiri aakazi. Wamkulu anali telala, wamng'ono ankaluka tsitsi. Kugwirira ntchito pamodzi kunakanika. Tsitsi linkamatirira pansalu za makasitomala, ndipo mashini ikayamba kulira, olukitsa sankamvana miseche yawo. Anagwirizana zoti chipindacho achidule pakati ndi matabwa. Zitseko zinalipo kale ziwiri. Vuto linali poti matabwawo adutse pati.

Telala anachita zomwe manja ake anazolowera. Anayeza chipinda ndi tepi ngati nsalu, n'kupeza pakati penipeni, n'kulemba mzere wa choko pansi. Kenako anakankhira mashini yake kumbali ya zenera. Mbali inayo inali yamdima, yokhala ndi sinki pakona.

"Zofanana ndendende," anatero. "Ukakayika, yeza wekha."

"Tepi yanuyo imayezanso dzuwa, asisi?" anafunsa mng'ono wake. "Tengani chonse. Ine ndikapeza malo kwina mwezi ukatha."

Mtima unamuwawa telala. Ankamudziwa mng'ono wake. Akatuluka ndi magalasi ake, sadzapondanso pakhomopo, ndipo azidzangopatsana moni pamaliro.

M'shopu yoyandikana nayo munali bambo wogulitsa makope ndi zolembera. Loweruka ankayimbira mpira, choncho aliyense ankawatchula kuti a Refa. Khoma linali lopyapyala, ndipo mkangano wonse anaumva osalipira. Tsiku limenelo analowa atanyamula chofufutira.

"A Refa, tiweruzeni," anatero telala. "Onani mzerewu."

"Sindiuona," anayankha, n'kuufufuta. "Ine sindifika pabwalo n'kufunsa kuti apambane ndani. Timayamba tamvana malamulo, mpira usanagundidwe. Tiyeni panja."

Anawaimika pakhonde, atafulatira shopu.

"Iwalani zenera, iwalani sinki. Mundiuze: kugawa kwachilungamo kumakhala kotani? Munene zinthu zoti mungazivomere ngakhale musakudziwa mbali imene igwere inu."

Wamng'ono sanachedwe. "Kusayang'ane kuti wamkulu ndani."

Telala anatsegula pakamwa, koma a Refa anamutsogolera. "Mukanabadwa wachiwiri ndinu, mukanakana lamulo limeneli?"

Anaganiza. Anafunafuna pothawira, osapapeza. "Ayi," anatero motsitsa.

"Nanga lanu?"

"Pasatayike malo. Chipindachi n'chaching'ono kale."

A Refa anati, "Ine ndiwonjezepo limodzi, ngati mulola. Tikamaliza, pasakhale wosirira gawo la mnzake. Aliyense athe kunena kuti, pa ziwirizi, changa sichikuchepa."

Onse anagwedeza mutu. Ndani akanakana zimenezo pamaso pa anthu?

"Tsopano tiyese njira zanu. Wamkulu asankhe yekha?"

"Yagwa pa lamulo loyamba," anatero wamng'ono, akumwetulira kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo.

"Musiye kampata pakati, kopanda mwini, kuti musakhudzane?"

"Kutaya malo," anatero telala.

"Nanga tepi?"

Apa telala anaona yekha pamene panali cholakwa chake. Nsalu ukaipinda pakati, mbali zonse zimakhala nsalu yomweyo. Chipinda si choncho. Mita ya pazenera ndi mita ya pamdima n'zofanana pa tepi pokha.

"Ilipo njira imene imadutsa malamulo onse atatu," anatero a Refa. "Mmodzi alembe mzere paliponse pamene akufuna. Winayo asankhe mbali. Wolemba atenge yotsala."

"Ndiye alembe ndani?"

A Refa anatulutsa kandalama kamene amaponya mpira usanayambe. Kanagwera telala.

Analowa yekha ndi choko chake. Dzanja linapita lokha pakati paja, koma linaima m'malere. Akalemba pamenepo, mng'ono wake atenga zenera, iye n'kutsala mumdima kumalowetsa ulusi mongopapasa. Anasunthira kufupi ndi zenera, kuti mbali yamdima ikule. Anasunthanso. Pena anaona kuti wapitirira, chifukwa mbali ya zenera inatsala ngati kanjira, ndipo anabwerera pang'ono. Chinamudabwitsa n'chakuti panalibe womuyang'anira, koma ankasamala kuposa nthawi ya tepi ija. Kulikonse kumene akanabera, akanadzibera yekha. Pomaliza anapeza malo amene, atafunsidwa mbali yoti atenge, akanavutika kuyankha. Analemba mzere.

Wamng'ono analowa. Anaima pazenera, n'kusuzumira mumsewu. Kenako mtsikanayo anawoloka mzere, n'kutambasula manja kumbali yamdima, n'kutsegula mpopi wa pasinki.

"Ndatenga kuno."

"Kumdima? Si komwe unkakana kuja?"

"Kuja kunali kochepa. Uku kukwana mipando itatu, madzi ali pomwepa, ndipo babu ndigula. Komanso asisi, kuja munkachita kundipatsa, ngati madiresi anu akale. Uku ndasankha ndekha."

Telala anayang'ana gawo lake. Linali lopapatiza, moti tebulo lodulira nsalu linayenera kutembenuzidwa chammbali. Koma kuwala konse kunali kwake.

"Ndikanadziwa kuti ukufuna sinki, sindikanakupatsa malo onsewo," anadandaula.

"N'chifukwa chake sindinalole kuti mufunsane," anatero a Refa. "Koma ndiuzeni zoona. Akakupemphani kuti musinthane, muvomera?"

Telala anayang'ana zenera, n'kuyang'ana pakona paja. "Ayi."

"Inu?"

"Ngakhale atandigwadira," anatero wamng'ono.

"Basi, mpira watha. Palibe wagonja."

Matabwa anakhomedwa pamzere womwewo. Pamwamba anasiya mpata woti mpweya uzidutsa, ndipo mpata umenewo unayamba kudutsanso zina: lumo lobwereka, makapu a tiyi, ndi mawu a wamng'ono akuti, "Asisi, kasitomala wangayu akufuna diresi ya ukwati, ndimutumize?"

Phunziro lake ndi ili. Pogawana chinthu, kaya ndi chipinda, munda kapena katundu wa malemu, musayambe ndi funso loti atenge chiyani ndani. Yambani mwagwirizana malamulo amene aliyense angawavomere asanadziwe gawo lake: asakondere munthu, asataye kanthu, ndipo asasiye wina akusirira cha mnzake. Kenako yesani njira iliyonse pa malamulowo, ndipo yolephera muitaye, ngakhale atabwera nayo wamkulu. Ngati muli awiri, wodula asasankhe. Ngati muli ambiri, kapena zavuta, itanani munthu wopanda mbali akuthandizeni mkangano usanakule.